Fupa la mlimi likathyoka, thandizo lake lili kuti?

Achikumbe, pa tsamba lino timakonda kukambirana za mbewu, feteleza, mitengo ya fodya ndi matenda a ziweto. Sabata ino tiyeni tikambeko za chipangizo china chimene mlimi aliyense ali nacho koma sachiwerengera pokonzekera ulimi wake. Chipangizochi ndi thupi lake lomwe: msana, chiuno, mawondo, mapewa ndi mafupa onse.

M'dziko muno alimi ambiri alibe thirakitala kapena ng'ombe zolimira. Kugalauza, kuunga mizere, kupalira ndi kubandira, zonsezi zimatheka ndi khasu, munthu atawerama kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu. Mpini ukathyoka mumasema wina tsiku lomwelo. Koma msana ukakana kapena mwendo ukathyoka, munda wonse waima ndipo njala yalowa pakhomo.

Funso ndi lakuti: mlimi akavulala kapena akadwala mafupa, thandizo amalipeza kuti, ndipo kodi amalipeza mofanana ndi mnzake wa m'tauni?

Anthu awiri, ngozi imodzi

Tiyerekeze kuti anthu awiri athyoka fupa la pantchafu tsiku limodzi m'mwezi wa Disembala. Woyamba ndi kalaliki wa mumzinda amene wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza. Wachiwiri ndi mlimi wa kumudzi amene wagwa pangolo akuchokera kogula feteleza.

Kalaliki uja amunyamula pagalimoto ndipo pasanathe ola limodzi wafika pachipatala chachikulu. Kumeneko amujambula mwendo. Ngati ali ndi ndalama kapena inshuwalansi ya kuntchito, angathe kupita ku chipatala cholipira kumene amuchita opaleshoni mosachedwa ndi kumuika chitsulo mkati mwa fupa. Pakatha masiku owerengeka amayamba kuyenda ndi ndodo, malipiro ake akulandirabe.

Mlimi uja ayamba wagona kunyumba abale akufunafuna ndalama ya thiransipoti. Mawa lake amutengera pachipatala chaching'ono, pomwe palibe makina ojambulira mafupa. Pamenepo amupatsa mankhwala opha ululu ndi kalata yopita nayo ku chipatala cha kuboma. Ambulansi ikakhala kuti ilibe mafuta kapena yapita kukatenga mayi wodwala pakati, banja lichite kubwereka galimoto. Akafika kuboma, nthawi zambiri amamugoneka pabedi ndi kumangirira zolemera kumwendo kuti fupa liwongoke. Kugona kotereku kumatenga masabata 6 kapena kuposerapo, ndipo kuti fupa la pantchafu ligwirane bwinobwino pamafunika miyezi 3 kapena kupitirira.

Tsono werengani nokha. Masabata 6 kuchokera pakati pa Disembala akufikitsani kumapeto kwa Januwale. Nthawi yopalira ndi yothira feteleza wobereketsa yadutsa. Mkazi wake nayenso sali kumunda chifukwa ali kuchipatala kudikirira wodwala, kumuphikira ndi kumuchapira. Ngozi ndi imodzi, koma wina wataya masiku owerengeka pamene wina wataya zokolola za chaka chonse.

Matendawa ndi ati?

Matenda a mafupa ndi minofu alipo amitundumitundu, koma amene amavutitsa kwambiri anthu akumudzi tingawaike m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la kuvulala: kuthyoka, kubinya ndi kubzungunyuka. Izi zimadza kaamba ka ngozi za pamsewu, kugwa pangolo kapena padenga pofolera, kupondedwa ndi ng'ombe, komanso ana kugwa m'mitengo nyengo ya mango.

Gulu lachiwiri ndi la kutha kwa thupi pang'onopang'ono: msana, chiuno, khosi ndi nyamakazi ya m'mawondo. Thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mayi wakumudzi amaisenza kangapo patsiku, kawirikawiri mwana ali kumbuyo. Zikachitika kwa zaka 30 kapena 40, thupi limayamba kuitanitsa ngongole yake.

Gulu lachitatu ndi la tizilombo tolowa m'mafupa. Ana ena amakhala ndi bala pamwendo lotuluka mafinya osapola kwa miyezi kapena zaka chifukwa fupa likuwola mkati. Nayo TB simangogwira m'chifuwa mokha. Imatha kudya mafupa a msana mpaka munthu kutuluka linunda kapena kufa miyendo.

Gulu lachinayi ndi la zilema zobadwa nazo monga mapazi opindika, zimene zimapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi pa ana 1,000 aliwonse obadwa.

Vutoli si la kuno kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.7 biliyoni ali ndi matenda a mafupa ndi minofu, ndipo m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana. Kuwawa kwa msana ndiko kuli patsogolo pa zinthu zonse zolepheretsa anthu kugwira ntchito pa dziko lapansi.

Bwanji saganiziridwa kwambiri?

Chifukwa chachikulu n'chakuti matendawa sapha msanga. Boma ndi mabungwe othandiza akamagawa ndalama amayamba ayang'ana chimene chikudzaza manda: malungo, Edzi, TB, imfa za amayi pobereka ndi za ana aang'ono. Palibe angatsutse kuti zimenezi n'zofunika. Koma munthu wolemala ndi msana salowa m'kaundula wa imfa. Amangozimirira kumunda, kumsika ndi kutchalitchi, n'kukhala pakhonde. Popeza sawerengedwa, ndalama zake sizikonzedwanso.

Chifukwa chachiwiri ndi kuchepa kwa ndalama zenizenizo. M'mwezi wa Epulo 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adagwirizana mumzinda wa Abuja ku Nigeria kuti dziko lililonse liziika K15 pa K100 iliyonse ya bajeti yake ku ntchito za umoyo. Zaka zambiri bajeti ya dziko lino yakhala ikuperewera pa mlingo umenewu. Kwa nthawi yaitali ndalama zoposa theka za ntchito za umoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja, ndipo zambiri zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake. Ndalama yobwera pa dzina la malungo simungaigulire chikhakha kapena kukonzera makina ojambulira.

M'chaka cha 2004 boma lidayamba kutsata mndandanda wa matenda amene munthu aliyense ayenera kuthandizidwa kwaulere, ndipo kuvulala pa ngozi kudali momwemo. Pa pepala, ndiye kuti mlimi wothyoka ali ndi ufulu wolandira thandizo osalipira pa chipatala cha boma. Koma ulere wake umayambira pakhomo la chipatala. Ulendo wokafika pakhomopo, chakudya cha wodikirira wodwala, ndi ulendo wobwerera kukachotsa chikhakha, zonsezi zimatuluka m'thumba la mlimi. M'madera ena chipatala chapafupi ndi cha mishoni, cha pansi pa bungwe la CHAM, kumene kumakhala kolipira. Mgwirizano umene boma limachita ndi zipatala zimenezi woti anthu azithandizidwa ulere wakhala ukukhudza kwambiri amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, osati bambo wothyoka mkono.

Akatswiri ali kuti?

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti dziko lino lidali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Koma zipatala zikuluzikulu za boma zilipo zinayi, zonse m'mizinda: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Madokotala odziwa opaleshoni ya mafupa amapezeka makamaka m'mizindamo. Munthu wa ku Nsanje ali ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 180 kuti afike ku Blantyre, pamene wa ku Chitipa ali ndi makilomita opitirira 300 kuti afike ku Mzuzu.

Poona kusowa kwa madokotala, m'chaka cha 1985 dziko lino lidayamba kuphunzitsa makiliniko ofesala apadera a mafupa. Ntchitoyi adaiyambitsa ndi Dr Edward Blair. Amatenga anthu amene akugwira kale ntchito ya chipatala n'kuwaphunzitsa kwa miyezi 18 kuwongola mafupa, kuika chikhakha, kutsuka mabala ndi kuchita maopaleshoni ang'onoang'ono. Lipoti limene Professor Nyengo Mkandawire ndi anzake adalemba m'chaka cha 2008 lidati panthawiyo dziko lonse lidali ndi madokotala a mafupa 9 okha pa anthu pafupifupi 13 miliyoni, ndipo makiliniko ofesalawa ndiwo ankagwira ntchito 80 mpaka 90 pa ntchito 100 zilizonse za mafupa. Mpaka lero, mukapita ku chipatala cha kuboma ndi fupa lothyoka, amene akuoneni ndi mmodzi wa anthu amenewa. Ndiwo mzati wa thandizo la mafupa kumudzi. Koma luso lokha silikwanira ngati magetsi azima, makina ojambulira awonongeka kapena zopangira chikhakha zatha.

Zina zabwino zachitika ndithu. M'chaka cha 2002 ku Blantyre kudatsegulidwa chipatala cha Beit CURE chimene chimathandiza ana a zilema zotheka kuchizika popanda kulipiritsa. M'chaka cha 2023 ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central, kudatsegulidwa chipatala cha LION choona za mafupa ndi ubongo. Sukulu yathu ya udokotala ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsa madokotala a mafupa ndi akatswiri a mafizo kuno komwe. Bungwe la MAP, limene lidayamba ndi ntchito yothandiza olumala ndi poliyo, lakhala likuthandiza anthu ndi mafizo ndi zipangizo zoyendera kwa zaka zambiri. Koma onani pamene zinthu zikuluzikuluzi zamangidwa: Blantyre ndi Lilongwe. Mtunda uja udakalipobe.

Kusiyana kwina kuli pa chipukuta misozi. Lamulo la m'chaka cha 2000 limati munthu wolembedwa ntchito akavulala pa ntchito ayenera kulipidwa. Choncho inu amene mumagwira ntchito m'maesiteti a tiyi, fodya kapena nzimbe, mukavulala kanenani kwa bwana nthawi yomweyo, sungani mapepala a kuchipatala ndipo kaonekereni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Koma mlimi wolima munda wakewake alibe bwana. Akavulala, chipukuta misozi chake ndi mbuzi imene agulitse.

Kuchedwa ndiko kumalemaza

Mtunda ndi kusowa kwa ndalama zimabala chinthu chimodzi: kuchedwa. Ndipo fupa silidikira. Likathyoka limayamba kudzimata lokha. Pakatha masabata 2 kapena 3 limakhala layamba kugwirana, lowongoka kapena lokhota. Likagwirana mokhota, chimene chikadatheka ndi chikhakha chokha chimasanduka ntchito ya opaleshoni ku chipatala chachikulu, kapena chilema cha moyo wonse.

Ambiri amayamba apita kwa asing'anga, osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa ndiwo ali pafupi, ndipo amalola kulipira nkhuku kapena kudzalipira mutakolola. Komabe pali zinthu ziwiri zoopsa zimene tiyenera kuzinena poyera. Choyamba ndi kumanga timitengo kapena nsungwi mothina kwambiri. Malo othyoka amatupa, ndipo akamangidwa zolimba magazi amaleka kuyenda. Mkono wa mwana ungathe kufa m'maola ochepa mpaka kudulidwa. Chachiwiri ndi kutemera mphini ndi kupaka mankhwala pamalo othyoka, zimene zimatsegulira njira tizilombo tokawoletsa fupa.

Munthu akathyoka, chitani izi. Musakoke kapena kuwongola mwamphamvu. Yalani nsalu, ikani thabwa kapena katoni yolimba m'mbali, mangani mosathina kuti pasamagwedezeke. Ngati pali bala kapena fupa latulukira kunja, phimbani ndi nsalu yoyera, musathirepo dothi, phulusa kapena mafuta, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku womwewo. Amene wagwa kuchokera pamwamba ndipo akumva kuwawa khosi kapena msana, munyamuleni atagona chagada pa chitseko kapena thabwa, osamupinda ndi osamukhazika panjinga.

Akaikidwa chikhakha, yang'anani zala. Zikatupa kwambiri, zikazizira, zikada, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamangokulirakulira, bwererani kuchipatala msanga osadikira tsiku limene adakulemberani. Musachotse nokha chikhakha chifukwa choti ntchito yachuluka kumunda. Mafupa a ana amagwirana m'masabata 3 mpaka 6, koma a akulu amafuna masabata 6 mpaka 12.

Pa za mwana wobadwa ndi mapazi opindika, akuluakulu adanena kale kuti mtengo amauwongola uli waung'ono. Si ufiti, ndipo si kulakwa kwa mayi. Njira ya Ponseti imene zipatala zimagwiritsa ntchito ndi yomuika mwana chikhakha chatsopano sabata iliyonse kwa masabata 5 mpaka 8, kenako nsapato zapadera zimene amagona nazo mpaka atakwanitsa zaka 4 kapena 5. Mukayamba m'masabata oyambirira atangobadwa, mwanayo amadzayenda ndi kulima ngati anzake. Mukadikira kuti ayambe wayenda, ntchito imakula.

Nanga msana?

Apa pali nkhani yolimbikitsa. Kuwawa kwa msana kochuluka kumatha kokha pasanathe masabata 6, ndipo sikufuna kujambulidwa kapena opaleshoni. Kugona pamphasa masiku ambiri kumangowonjeza vuto. Chofunika ndi kumayendayenda, kugwira ntchito zopepuka ndi kubwerera ku ntchito zolemetsa pang'onopang'ono.

Koma pitani kuchipatala mosazengereza ngati msana ukuwawa limodzi ndi zizindikiro izi: miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, kulephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi kutuluka zokha, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuwonda, kapena fupa kutumphuka pamsana. Zina mwa zizindikirozi zimaloza ku TB ya msana, imene imachizika ndi mankhwala aulere a boma ngati yapezeka msanga. Chimodzimodzi mwana amene watupa bondo kapena mwendo, thupi latentha ndipo akukana kuponda pansi: ameneyo ndi wa kuchipatala lero, osati mawa.

Chenjeraninso ndi mankhwala a m'magolosale ndi m'misika. Alimi ambiri amameza Brufen, Indocid kapena Diclofenac m'mawa uliwonse asanapite kumunda, ena mitundu iwiri nthawi imodzi, m'mimba muli mbee. Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa okalamba ndi odwala BP kapena shuga. Amayi oyembekezera asamwe popanda kuuzidwa ndi achipatala. Mankhwala opha ululu amangotseka pakamwa pa thupi, sachotsa chimene chikulidwalitsa.

Kupewa nako kulipo. Ponyamula thumba pindani mawondo, liyandikizeni kuthupi ndipo musapotoze chiuno mutanyamula. Thumba la makilogalamu 50 nyamulani awiri kapena ligaweni pawiri, ndipo belo la fodya si la munthu mmodzi. Semani mpini wautali wolingana ndi msinkhu wanu. Polima, wongokani pafupipafupi. Posankha ndi kusoka fodya, khalani pa kampando ndi kumadzuka nthawi ndi nthawi. Abambo, njinga kapena wilibala imene ili pakhomo ithandizeko kutunga madzi ndi kututa nkhuni, chifukwa msana wa mayi ndi umene ukudyetsa banja. Ana asasenzetsedwe katundu wa akulu.

Tipemphe chiyani?

Zonse tanenazi ndi zimene mlimi angachite payekha. Koma mtunda wa pakati pa mudzi ndi dokotala sungafupike ndi khama la munthu mmodzi. M'mwezi wa Meyi 2023 maiko a m'bungwe la WHO, Malawi ali momwemo, adagwirizana kuti thandizo lobwezeretsa mphamvu m'thupi, monga mafizo ndi zipangizo zoyendera, likhale mbali ya ntchito za umoyo kufikira m'zipatala zing'onozing'ono. Lonjezo lotere limakhala la pa pepala mpaka eni ake atayamba kulifunsa.

Zofunsa zake si zapatali. Makina ojambulira a pa chipatala cha kuboma azikhala amoyo, ndipo akawonongeka anthu aziuzidwa tsiku lokonza. Zopangira chikhakha ndi ndodo zoyendera zisamasowe. Kiliniko ofesala wa mafupa ndi wa mafizo aziyendera zipatala zing'onozing'ono pa masiku odziwika, kuti wochotsa chikhakha kapena gogo wa nyamakazi asamalipire ulendo wa kuboma. Mgwirizano wa boma ndi zipatala za mishoni uphatikizepo anthu ovulala. Zipatala zina za m'maboma akutali zipatsidwe zipangizo ndi madokotala oyendera kuti opaleshoni yoika chitsulo m'fupa izichitika pafupi, popeza munthu wogona pabedi masabata 6 amadyanso ndalama za chipatala chomwecho. Ndipo alangizi a zaumoyo azilemba anthu amene aleka kulima kaamba ka msana, chiuno kapena kuvulala, kuti nawonso aziwerengedwa pogawa ndalama.

Malo ofunsira alipo: komiti ya pachipatala, komiti za chitukuko za m'mudzi ndi za m'dera, khansala, mfumu ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo. Phungu akabwera kudzalankhula za makuponi ndi milatho, mufunseninso kuti makina ojambulira a kuboma akugwira ntchito kapena ayi. Mwana wosalira amafera mumbereko.

Nawo makalabu a alimi ndi mabanki a m'mudzi angathe kuchitapo kanthu lero lomwe. Patulani kathumba ka ngozi, koti membala akavulala ndalama ya galimoto ipezeke tsiku lomwelo osayamba kutsatsa mbuzi. Gwirizananinso kuti wina akagonekedwa m'chipatala nyengo ya dzinja, anzake azimupalirira ndi kumuthirira feteleza mosinthana, monga ankachitira makolo athu pa dima. Mwa njira imeneyi wodwala sadzathawa m'chipatala kapena kudula chikhakha nthawi isanakwane chifukwa chodera nkhawa munda.

Chaka chilichonse timawerengera mbewu, feteleza ndi matumba. Chaka chino tiwerengerenso thupi limene lidzagwire khasulo, ndipo tifunse amene tidawasankha kuti likathyoka lidzathandizidwa kuti.